Nkhandwe zinachoka, kadzidzi anatsala: mbiri ya nyama za kuseri kwa nyumba ku Mandevu

Woweta nkhuku ku Mandevu amadziwa kuweruza mlandu wa nkhuku yake asanafunse munthu. Akapeza nthenga zili mbwee pabwalo, khola litagumulidwa mbali imodzi, amati ndi galu wa aneba. Akapeza khola lili bwinobwino, chitseko chake chotseka, koma tambala mulibe, sataya nthawi kufunafuna mapazi a nyama, poti wakubayo anali wa miyendo iwiri. Anapiye akamasowa mmodzimmodzi dzuwa likuswa mtengo, maso amapenya kumwamba kwa kabawi, amene amafika nyengo yotentha ikamayamba n'kumazungulira pamwamba pa misika ndi madzala. Koma pali mlandu wina umene umasiya umboni wochepa: mazira oswedwa, mwanapiye wolumidwa pakhosi, ndi kabowo pansi pa waya koti ngakhale dzanja la mwana silingalowe bwino. Ameneyo ndi likongwe, wathupi lalitali lofiirira, amene amadutsa msewu mwaliwiro mchira wake wakuda kunsonga utaimirira. Amagona m'milu ya mabuloko, m'mphepete mwa ngalande ndi pansi pa magalimoto akufa. Eni nyumba amamuona mwa apo ndi apo, ngakhale iye amawaona tsiku lililonse.

Dzina limene silimvekanso pa milandu yotereyi ndi la nkhandwe. Amene anakulira kumidzi ya ku Katete, Petauke kapena Mchinji amaidziwa bwino: kagalu kam'tchire kotuwa, ka mzere m'nthiti ndi nsonga yoyera kumchira, koyenda usiku kokha kapena ndi mnzake mmodzi. Amakumbukanso mantha amene kulira kwake kunkabweretsa, poti akuluakulu ankati nkhandwe ikalira pafupi ndi nyumba ndi malodza. Nyama imeneyi imapezeka m'madera ambiri a Zambia, ndipo pamene lero pali Mandevu, Marapodi, Chaisa ndi Chipata panali kwawo. Kuchoka kwake, ndi kubwera kwa zimene zinalowa m'malo mwake, kunayendera limodzi ndi kukula kwa komboni.

Njanji isanafike, dera la Lusaka linali la Asoli ndi Alenje. Mudzi wa mfumu Lusaaka unali cha ku Manda Hill, kufupi ndi pamene lero pali nyumba ya malamulo. Pouzungulira panali nkhalango ya miombo ndi madambo a udzu wautali. Pansi pa dothi pali mwala wa laimu wobowokabowoka, umene umasunga madzi pafupi kwambiri ndi pamwamba, moti mvula ikachuluka madzi amangotumphuka okha. Kumpoto madziwo amatsikira mu Ngwerere, mtsinje umene umakathira mu Chongwe. Malo a madzi, msipu ndi mapanga ngati amenewa sasowa nyama. Kunali agwape, mphoyo, njiri ndi nguluwe, ndipo pambuyo pawo pankayenda afisi, akambuku ndi mikango. Nkhandwe inkatola zotsala, n'kumawonjezera mbewa, ziwala, ngumbi ndi masuku akugwa.

Mu 1905 njanji yochokera ku Livingstone kulowera ku Broken Hill, kumene ndi ku Kabwe lero, inadutsa pano, ndipo omanga anaikapo kasiteshoni kopatukirapo sitima. Pambuyo pake panafika alimi achizungu, ambiri mwa iwo Mabunu, ndi ng'ombe zawo ndi mfuti zawo. Panafikanso Mtaliyana wina, Giovanni Marrapodi, amene anatenga malo aakulu chakumpoto n'kuyamba kukumba miyala ndi kuwotcha laimu. Dzina lake lilipobe pa komboni ya Marapodi, yoyandikana ndi Mandevu. Ng'anjo ya laimu imadya nkhuni zosaneneka, choncho mitengo ikuluikulu inayamba kugwa kalekale mzinda usanakhalepo. Kwa woweta ng'ombe ndi nkhosa, chilichonse chodya nyama chinali mdani, ndipo malamulo a atsamunda ankalola kupha afisi, nkhandwe ndi anyani monga zowononga. Zilombo zikuluzikulu ndi zimene zinayamba kutha, chifukwa sizibisika ndipo zimaswana pang'onopang'ono.

Kenaka boma linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Livingstone. Katswiri wokonza mizinda, Stanley Adshead, anajambula mzinda wa misewu yotakata, mitengo ndi minda ya maluwa, ndipo mu 1935 Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia. Mitengo ndi maluwazo zinali za kumayadi. Munthu wakuda ankaloledwa kukhala m'tauni ngati ali pantchito, ndipo nyumba zimene anamangiridwa ku Kabwata, Chilenje, ndi pambuyo pake Matero, sizinakwane. Otsalawo anakapempha malo kwa eni mafamu ndi eni migodi ya miyala, n'kumalipira lendi mwezi ndi mwezi. Umu ndi mmene anabadwira makomboni amene mpaka lero ali ndi maina a eni malo akale, monga George, John Laing, John Howard ndi Marapodi. Chawama nayenso ankatchedwa Roberts.

Mandevu ali ndi mbiri yakeyake. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunakhazikika anthu ochokera ku Southern Rhodesia, ambiri mwa iwo a mpingo wa Apositoli wa Johane Masowe, ometa mpala ndi kusunga ndevu zazitali, ndipo ndevuzo ndi zimene zinapatsa malowa dzina. Ena anafika atathamangitsidwa ku Korsten, mumzinda wa Port Elizabeth ku South Africa, mu 1962. Mtsogoleri wawo anamwalira ku Ndola mu 1973. Anthuwa sankakonda kulembedwa ntchito ndi munthu. Ankaluka madengu, kusula mabeseni, zidebe ndi mbaula, ndi kupala matabwa, ndipo luso limeneli linafalikira kwa anansi awo ochokera kum'mawa ndi kumpoto. Mpaka lero wodutsa m'misewu ya ku Mandevu amamva nyundo ndi macheka, n'kuona mabedi, makabati ndi zitseko zitandandalikidwa panja.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, zoletsa kulowa m'tauni zinatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mumzindawu. Pofika 1980 anali atapitirira 500,000, mu 2000 anadutsa 1 miliyoni, ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'makomboni. Mu 1974 boma linasiya maganizo ogwetsa makomboni, linakhazikitsa lamulo lowavomereza, ndipo ndi ngongole ya World Bank linaika mipopi ndi misewu ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Chinali chinthu chabwino kwa anthu, poti munthu wodziwa kuti sadzathamangitsidwa amamanga ndi mabuloko. Koma nyumba iliyonse yatsopano inkafuna mchenga, miyala, mitengo ya denga ndi nkhuni zophikira. Madambo anakwiriridwa, zulu zinagumulidwa kuti aumbe njerwa, ndipo tchire limene linkalekanitsa komboni ina ndi inzake linatha psiti.

Ku Britain nkhani ya nkhandwe inayenda mwina. M'zaka za m'ma 1930, pamene Lusaka ankamangidwa, mizinda ngati London inkafutukuka ndi nyumba zokhala ndi timinda kuseri, mipanda ya zitsamba ndi tinyumba tosungiramo makasu. Nkhandwe zofiira za kumeneko, zomwe ndi mtundu wina, zinapeza kuti pansi pa tinyumbato m'pabwino kuberekerapo, ndipo zinakhazikika. Lero zimayenda m'misewu ya London ndi Bristol usiku, ndipo ena amaziikira chakudya pakhomo. Zinathandizidwa ndi pobisala pochuluka, agalu ogona m'nyumba, ndi dziko lopanda chiwewe.

Ku Mandevu nkhandwe sikanapeza zimenezi. Pa puloti imodzi pamakhala mabanja angapo, khomo kuyang'anizana ndi khomo. Bwalo limasesedwa m'mamawa mpaka dothi kuwala, ndipo udzu ukangomera umalimidwa poopa njoka ndi udzudzu. Agalu amayendayenda m'magulu. Komboni sigona: mabala akamatseka, a mapemphero a usiku wonse amakhala ali pakati, ndipo iwo akamamaliza, amayi a malonda amakhala atadzuka kale kukwera basi ya ku msika wa Soweto. Nyama yamanyazi ngati nkhandwe, yofuna una wabata woti ilereremo ana, inalibe pokhala. Inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kulowera ku mafamu a ku Ngwerere, Chisamba ndi Chongwe, kumene oyendetsa galimoto usiku amaionabe ikuwoloka msewu. Amene amakumana nayo pakhomo masiku ano ndi ogula mapuloti atsopano kumapeto kwa mzinda, kumene nyumba yosamaliza imaima pakati pa munda wa chimanga.

Kwa iwowa pali chenjezo limodzi lofunika. Nkhandwe yabwinobwino imathawa munthu. Ikafika pakhomo masana, yosaopa, ikudzandira kapena kutuluka dovu, kawirikawiri imakhala ndi chiwewe, ndipo siyenera kuyandikiridwa. Komabe bungwe la WHO limati pafupifupi onse odwala chiwewe, mpaka 99 mwa 100 alionse, amachitenga kwa galu. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa katemera, chifukwa zizindikiro zikangoyamba matendawa sachizika. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbutsana za katemera wa agalu, ndipo galu wobayitsa ndiye chitetezo chenicheni cha ana a pakhomo.

Malo amene nkhandwe inasiya sanakhale opanda mwini. Wolowa ufumu ndi khoswe. Zonse zimene zinathamangitsa nkhandwe zinamukomera: nyumba zothithikana, matumba a ufa ndi chimanga m'chipinda chogona, madeya a nkhuku, tuntemba todzaza ndi buledi ndi mtedza, zimbudzi zokumba, ndi zinyalala zimene zimaunjikana m'ngalande galimoto ya khonsolo ikachedwa. Zinyalala zimene zimanyamulidwa zimakatayidwa ku Chunga, kumene akhwangwala amachita phwando tsiku lonse, koma zambiri sizifika kumeneko. Khoswe wamkazi amaswa kangapo pachaka, ana angapo nthawi iliyonse, ndipo anawo sachedwa kuyamba kuswa nawonso. Amaboola thumba, amatafuna nthambo za magetsi, amaluma zala za mwana wogona osasamba m'manja. Utitiri wake umanyamula mliri wa makoswe, umene unabukanso ku Nyimba mu 2015. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'komboni nyumba yonse ndi mkhate: poti mugende paliponse pali katundu wa munthu.

Uve umene umanenepetsa khoswe ndi womwewo umene umabweretsa kolera, ngakhale kuti kolera sayenda ndi khoswe koma ndi madzi. Mwala wa laimu uja umalola zam'chimbudzi kutsikira m'zitsime zosazama. Mliri wa mu October 2017 unayambira cha ku Chipata ndi Kanyama, ndipo mu January 2024 bwalo la mpira la Heroes, limene anthu a ku Mandevu amaliona ali pakhomo, linasandukanso chipatala cha odwala kolera. Wofuna kudziwa komboni imene ili pangozi angoyang'ana kukula kwa makoswe a m'ngalande zake.

Pali mbale wake wa khoswe amene anthu amamusokoneza naye. Bwampini ndi wamkulu, wa mchira woyera theka ndi matumba m'masaya, ndipo amakumba mauna m'minda ya ndiwo ya ku Garden ndi m'mphepete mwa Ngwerere. Kwa ochokera kum'mawa ndi ndiwo, monga mbewa. Ku Morogoro ku Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi ndi chifuwa chachikulu m'makhololo. Anagwira nawo ntchito yochotsa mabomba ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana nawo, ndipo mmodzi, dzina lake Magawa, analandira mendulo yagolide mu 2020 kaamba ka ntchito yake ku Cambodia.

Koma nkhani yowawa kwambiri ndi ya kadzidzi. Pa nyama zonse zodya makoswe, iye ndi mmodzi mwa zochepa zimene komboni sinathe kuzithamangitsa, chifukwa safuna tchire. Kadzidzi wankhope yoyera amakhutira ndi mpata wa pansi pa denga la tchalitchi, la sukulu kapena la nyumba yosungiramo katundu. Amatuluka kukada bii, amauluka mosamveka, ndipo makutu ake amatha kuloza khoswe mumdima osamuona. Mmodzi amadya khoswe kapena mbewa imodzi kapena ziwiri usiku uliwonse, ndipo akakhala ndi ana m'chisa amasaka usiku wonse osapuma. Zimene sangagaye amazilavula zili kampira kotuwa. Mwana wachidwi akatola kampirako pansi pa chipupa, n'kukaviika m'madzi ndi kukaphwanya ndi kamtengo, amapeza ubweya, tinthiti tosalimba, ndi kachigaza kamene kali ndi mano awiri achikasu kutsogolo. Akathamangira nako kunyumba kuti, "Ambuya, taonani, ndi mutu wa khoswe uwu," yankho limadziwika: "Iwe, taya zimenezo msanga, ukasambe m'manja. Za kadzidzi sagwira."

Ambuyawo sakulakwa pa za kusamba m'manja, ndipo mantha awo si opanda gwero. Mbalame yolira ngati munthu wokuwa, yankhope yoyang'ana kutsogolo, yobwera usiku wokhawokha, n'zomveka kuti makolo anaiona ngati mthenga wa afiti. Ikatera padenga anthu amaiponyera chikuni chamoto, ena amathira mchere pambaula, ndipo chisa chikapezeka ana ake amaphedwa. Chimene chimalimbitsa chikhulupirirochi m'tauni ndi kuchuluka kwa anthu. Kadzidzi amalira usiku uliwonse, ndipo m'komboni yaikulu ngati Mandevu sabata sipita popanda maliro penapake. Kulira kumene kwatsatana ndi maliro kumakumbukiridwa zaka, pamene kulira kwa masiku ena onse kumaiwalika kukacha. Pomwe iye wangotsata makoswe a padengapo.

Mdani wake wina ndi wachete. Mankhwala ena a makoswe amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika ndi m'mabasi sapha khoswe nthawi yomweyo. Khosweyo amatuluka akudzandira, wosavuta kugwira, ndipo kadzidzi kapena mphaka amene wamudya amafa naye limodzi. Makoswe amabwerera pakangotha milungu ingapo, koma kadzidzi watsopano amatenga nthawi yaitali kuti apezeke. Ku Alexandra, komboni ya ku Johannesburg imene inavutika kwambiri ndi makoswe, anayesa njira ina m'zaka za m'ma 2010: anapachika mabokosi a akadzidzi m'masukulu, ana asukulu n'kumathandiza kulera anapiye ake mpaka atauluka. Mantha a ufiti analiko ngati kuno, ndipo anawo ndi amene ankakafotokozera makolo awo.

Kuti mantha amenewa si a okalamba okha zinaoneka poyera mu December 2024, pamene apolisi ku Lusaka anagwira amuna awiri powaganizira kuti ankafuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema. Pakati pa zizimba zimene anapezeka nazo panali birimankhwe wamoyo. Mu September 2025 khoti linawapeza olakwa n'kuwalamula kukakhala kundende zaka ziwiri, potsata lamulo la za ufiti limene linalembedwa mu 1914. Mzinda wonse unakamba za mlanduwo, koma ndi ochepa amene anakumbuka kuti birimankhwe alibe ululu, saluma munthu womusiya, ndipo ntchito yake m'mpanda wa zitsamba ndi kudya ntchentche ndi ziwala. M'makomboni akusowa kale, poti mipanda ya zitsamba yalowedwa m'malo ndi ya mabuloko. Amene wapindula ndi mabulokowo ndi gulo wamutu wobiriwira, amene amawothera dzuwa pamwamba pake akugwedeza mutu.

Njoka nayo imatsata makoswe. Imene imapezeka kwambiri m'nyumba ndi yofiirira, yonyezimira, ya timizere tiwiri toyera m'mbali mwa mutu. Ilibe ululu, imapha khoswe pomukulunga, ndipo imalowa m'mauna mmene mphaka sangafike. Imafa ndi mpini wa khasu ngati zinzake zonse, chifukwa usiku, nyali ili m'manja, palibe amene amawerenga mizere. Zoopsa zilipo ndithu. Njoka yolavula malovu m'maso imakonda makola a nkhuku ndi malo a achule, mphiri imagona phee m'njira za kumapeto kwa mzinda, ndipo nsato imapezeka m'mabango a m'mitsinje. Mvula ikadzaza mauna, zonse zimafuna pouma, ndipo pouma ndi m'nyumba. Zina zimachita kubwera pagalimoto, zitabisala pakati pa matumba a makala ochokera ku Mumbwa, Chongwe kapena Kapiri Mposhi, ndipo malonda a makala anakula kwambiri mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a m'damu la Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse.

Wolavuliridwa m'maso atsuke ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Wolumidwa asatemedwe mphini, asamangidwe chingwe cholimba, asayamwidwe bala: anyamulidwe kupita kuchipatala osamuyendetsa. Kuthira oyilo wakuda kuzungulira nyumba sikuletsa njoka, kumangoipitsa chitsime. Mu 2017 WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo ku Zambia bungwe la Helping Hands in Snake Safety limaphunzitsa anthu kuzindikira ndi kuchotsa njoka osazipha. Wofuna kuziona ndi maso, kuseri kwa galasi, apite ku Kalimba Reptile Park cha ku Ngwerere, ulendo waufupi kuchokera ku Mandevu.

Si zonse zimene zimabwera ndi mantha. Mango akayamba kupsa mu November, mileme yodya zipatso imadzaza m'mitengo, yaimuna ikulira mobwerezabwereza ngati kabelu ka njinga, ndipo m'mawa pansi pamakhala makoko. Ndi nyengo yomweyo imene mileme mamiliyoni imasonkhana ku Kasanka, alendo n'kumalipira ndalama zambiri kuti akaione. Mvula yoyamba ikagwa, achule amene anakwiririka m'dothi chilimwe chonse amayamba phokoso m'maenje a miyala, akakowa amatera pabwalo la mpira, ndipo madzulo ngumbi, zimene pa Lusaka amati inswa, zimazinga getsi lililonse. Ana amatuluka ndi mabeseni a madzi, amayi amakonza chiwaya, ndipo akhwangwala, abuluzi, mileme ndi amphaka onse amadya nawo. Usiku umenewo komboni imakumbuka kuti pansi pa simenti pali dambo.

Kumayadi nkhani ndi ina, chifukwa mitengo ya Adshead ija inakula. Kumeneko kuli apusi, achanga ndi mbalame zamitundumitundu. Ku State House apusi anachuluka mpaka mu June 2009 mmodzi anakodzera Pulezidenti Rupiah Banda ali pansi pa mtengo kuyankhula ndi atolankhani, ndipo pambuyo pake ambiri anagwidwa n'kutumizidwa ku Munda Wanga ku Chilanga. Koma nakonso malo akutha. Nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa mzinda, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, inayamba kudulidwa mapuloti mu 2017 ngakhale anthu anadandaula kwambiri. Mu June 2015 boma linatsegula Lusaka National Park, ya mahekitala pafupifupi 6,700, imodzi mwa mapaki aang'ono kwambiri m'dziko muno, n'kuikamo mbidzi, nyumbu, ntchefu ndi chipembere zobwera nazo pagalimoto kuchokera kwina. Ili mkati mwa mpanda, kum'mwera chakum'mawa, mbali ina ya mzinda kutali ndi Mandevu. Ana ambiri a kuno, ena a iwo a mfunda wa Njovu ndi Mbewe, amamaliza sukulu ya pulayimale asanapondeko.

Mzinda suyenera kutaya nyama zake zonse kuti ukhale mzinda. Ku Lilongwe afisi akali kukhala m'nkhalango ya m'mphepete mwa Lingadzi, pakati penipeni pa likulu, ndipo usiku amatuluka kukatola zotayidwa. Chinawasunga ndi chakuti okonza mzinda anasiya tchire m'mphepete mwa mtsinje. Ngwerere akanatha kukhala wotero kwa Lusaka, koma anasandutsidwa ngalande ya madzi oipa ndi mapulasitiki, ndipo nyumba zafika mpaka m'madzi. Palibe amene akufuna fisi kuseri kwa chimbudzi ku Marapodi. Koma mtsinje wokhala ndi mabango ndi mitengo m'mbali umachepetsa kusefukira kwa madzi, ndipo ndi kumene alikongwe, ang'azi ndi mbalame zodya makoswe zimabisala masana.

Nkhandwe sidzabwerera ku Mandevu, ndipo sibwino kunamiza anthu kuti ingabwerere. Zimene zingatheke n'zazing'ono ndiponso zapafupi. Khonsolo ikamachotsa zinyalala pa nthawi yake, makoswe amachepa, njoka n'kuchepa nawo. Wopeza nsato, pusi kapena ngaka pakhomo aitane a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, imene likulu lake lili ku Chilanga, m'malo moitana anyamata a miyala. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 ndi lolimba, ndipo wopezeka ndi ngaka amakakhala kundende zaka zosachepera zisanu. Ndipo bokosi la kadzidzi ndi matabwa ochepa chabe, denga losadontha ndi bowo limodzi, lopachikidwa pamwamba pamene ana sangafike. Akalipentala a ku Mandevu, amene amapanga makabati a magalasi ndi mabedi ogoba maluwa, akhoza kulikhoma ndi zidutswa zotsala dzuwa lisanapendeke. Chikusowa ndi munthu wolemekezeka woti ayambe. Abusa, ansembe ndi aphunzitsi aakulu a ku Mandevu, madenga aatali ndi anu, ndipo anthu amamva mawu anu: pachikani bokosi loyamba, ndipo muwauze chifukwa chake.